Khonsolo yavomera kutithandiza, koma akuti tiyambe tagwiritsa ntchito ndalama zathu kenako atibwezere. Tisaine?

NaBanda analemba:

Moni akuluakulu nonse. Nkhani iyi yandisowetsa tulo sabata yathunthu, ndiye ndati ndiitule pano poti muno muli anthu amene mwayendetsa mabungwe zaka zambiri kuposa ine.

Ndine wapampando wa kabungwe kothandiza okalamba amene amakhala okha. Tinayamba zaka 7 zapitazo tili amayi asanu ndi bambo mmodzi. Ntchito yathu si yapatali. Timawayendera kawiri pa sabata, kuwachapira, kuwakonzera m'nyumba, kuona ngati akumwa mankhwala m'nthawi yake, ndipo tsiku lokaonana ndi dokotala likakwana timawaperekeza n'kukhala nawo pamzere mpaka athandizidwe. M'kaundula mwathu muli agogo 64, ongodzipereka alipo 19. Wolandira malipiro ndi mmodzi yekha, mtsikana amene amakhala pa ofesi masiku atatu pa sabata kuyankha foni ndi kulemba amene ayenderedwa. Ofesiyo ndi kachipinda kamodzi kalendi, mipando itatu ndi kabati yosatsekeka bwino.

Zaka zonsezi takhala tikuyendera zopereka za mamembala ndi za anthu akufuna kwabwino. Chaka chino khonsolo yathu inalengeza kuti ili ndi thumba la ndalama zothandizira mabungwe a m'madera amene amasamalira anthu. Ine ndi mlembi wathu tinachezera fomu ya masamba 14 mausiku anayi. Patapita miyezi inayi kalata inabwera yoti tasankhidwa, ndipo ndalama zake n'zoposa kawiri zimene timapeza pa chaka. Tinavina tsiku limenelo, osanama. Msungichuma wathu, mayi wa zaka 71 amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anachita kugwetsa misozi.

Chimwemwe chinazirala mgwirizano utabwera. Masamba 22, zilembo zing'onozing'ono. Ndime ya 6 ikuti khonsolo sipereka ndalama patsogolo. Tiziyamba tagwiritsa ntchito zathu, pakatha miyezi itatu tizipereka lipoti ndi malisiti, iwo aziunika, kenako azitibwezera pasanathe masiku 60. Zathuzo zili kuti? Mu akaunti muli zongokwanira mwezi umodzi ndi theka.

Ndime ina ikuti ndalamazi si zolipirira lendi, magetsi, foni kapena malipiro a wogwira ntchito pa ofesi, n'za ntchito yofika kwa anthu basi. Ndiye ndikudzifunsa kuti malipoti akufunawo azilemba ndani, ngati si mtsikana yemweyo amene akukana kumulipira?

Akufunanso kuti chiwerengero cha agogo chichoke pa 64 chifike 120 chaka chisanathe, ndipo ulendo uliwonse agogo azisaina kuti tawayenderadi. Tili ndi agogo ena aamuna amene manja amanjenjemera moti kapu ya madzi timachita kuwagwirira. Agogo ena aakazi amandiitana dzina la mwana wawo amene anamwalira kalekale, ine n'kumavomera. Amenewo ndikawapatse cholembera?

Pali kanthu kenanso kamene ndikuchita nako manyazi. Mmodzi wa mamembala a komiti yathu ndi mkazi wa khansala. Analowa kalekale, amuna awo asanaganize n'komwe zoima nawo pa chisankho, ndipo ndi mayi wolimbikira kuposa tonsefe. Pa fomu panalibe pofunsa zimenezi, ifenso sitinazitchule. Koma mu mgwirizano muli ndime yoti tikutsimikiza kuti palibe wa m'komiti amene ali pa ubale ndi akuluakulu a khonsolo.

Anatipatsa masiku 21 oti tisaine, atsala 9. Komiti yagawanika. Ena akuti mwayi ngati uwu subwera kawiri. Msungichuma, yemwe uja analira ndi chimwemwe, wanena poyera kuti tikasaina tipeze wina wosunga mabuku. Ndithandizeni maganizo.

Mbewe wa Mabuku anayankha:

A NaBanda, zikomo poyamba chifukwa chowerenga mgwirizanowo musanasaine. Ambiri amawerenga zinthu zitavuta kale. Ine ndasunga mabuku a mabungwe ang'onoang'ono atatu, ndiye ndiyamba ndi masamu, chifukwa msungichuma wanuyo sakuchita mantha achabe.

Tiyerekeze kuti thandizo lonse la chaka ndi 100. Ndiye kuti mwezi uliwonse mukugwiritsa ntchito 8 ndi kakang'ono pamwamba. Miyezi itatu yatha, 25 yatuluka. Kusonkhanitsa malisiti ndi kulemba lipoti kukutengerani masabata awiri, ngati muli achangu. Kenako iwo ali ndi masiku 60 awo. Pamenepo miyezi yakwana isanu ndi theka, ndipo agogo sanasiye kudwala podikira cheke. Tsiku limene 25 yoyamba ikulowa mu akaunti, inu mwatulutsa kale pafupifupi 46. Mwanena kuti thandizoli ndi loposa kawiri zimene mumapeza pa chaka, kutanthauza kuti zanu za chaka chonse sizifika 50. Mwaona pamene pali vuto? Kuti mulandire ndalama zimenezi muyenera kukhala mutasunga pambali pafupifupi ndalama zonse zimene mumapeza pa chaka. Inu muli ndi za mwezi ndi theka. Bungwe limatha kugwa lili ndi kalata yachipambano m'manja.

Ndipo masiku 60 amenewo, funsani kuti amayamba kuwerengedwa liti. Nthawi zambiri si tsiku limene mwapereka lipoti, koma limene iwo avomereza kuti lipotilo lakwanira. Akakubwezerani chifukwa cha lisiti limodzi, kuwerenga kumayambiranso.

Za malisitizi ndili nazo chipsera. Bungwe lina limene ndinkathandiza, dalaivala ankaika malisiti a mafuta pa dashibodi ya galimoto. Malisiti a makina aja sagwirizana ndi dzuwa. Pakutha pa miyezi itatu anandibweretsera timapepala 30 toyera mbee, topiringizika, ungoona kachizindikiro ka kampani pamwamba basi. Ndinayesa kuwaunika pawindo, kuwapendeketsa uku ndi uku, palibe. Ofesi yopereka ndalama inakana kubweza mafuta onsewo, ndipo sindikanawatsutsa. Anthu tinasonkha za m'thumba. Kuchokera tsiku limenelo lamulo langa ndi lakuti lisiti lijambulidwe pa foni tsiku lomwelo, lipangidwe fotokope sabata yomweyo, ndipo kumbuyo kwake kulembedwe kuti ulendowo unali wotengera ndani, kupita kuti.

Mukasankha kusaina, tsegulani akaunti yapadera ya ndalama zimenezi, osaina akhale awiri osachokera nyumba imodzi. Musasunthe ndalama kuchoka pa mzere wina wa bajeti kupita pa wina popanda kalata yawo yovomereza, ngakhale ofisala atakuuzani pa foni kuti palibe vuto. Ofisala amasamutsidwa, odita amabwera kudzawerenga mapepala.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kutseka mpatawo ndi ngongole ya chiwongoladzanja, makamaka yotenga m'dzina lanu. Chiwongoladzanja khonsolo sidzakubwezerani. Ndinaonapo wapampando wina atapinyolitsa katundu wa m'nyumba kuti bungwe lisachite manyazi.

Mmene mgwirizano ulili panopa, ine sindikanasaina. Koma sindikunena kuti muukane. Masiku 9 ndi okwanira kulemba kalata.

Chisale ku America anayankha:

Achemwali, zimene mukukumana nazozi si za khonsolo yanu yokha. Ine ndimagwira ntchito ya maakaunti m'bungwe lothandiza anthu osowa pokhala kuno ku America, ndipo nkhondo yake ndi yomweyi, kungosiyana kukula kwa manambala.

Kuno ndalama zambiri zimene mizinda imagawira mabungwe zimachokera ku boma lalikulu. Thumba lodziwika kwambiri ndi Community Development Block Grant, anthu amangoti CDBG, limene linayamba mu 1974 ndipo limadzera ku unduna woona za nyumba wotchedwa HUD. Lamulo lake limati zosachepera 70 peresenti zipindulire anthu opeza zochepa, koma gawo limene mzinda ungaike pa ntchito zosamalira anthu ngati yanuyi lisapose 15 peresenti. Zotsalazo zimapita ku zinthu monga kukonza nyumba, misewu ndi mapaipi. Ndiye mabungwe ambirimbiri amalimbirana kagawo kochepako, ndipo ambiri amasaina chilichonse poopa kuti akadandaula chaka chamawa sasankhidwa. Kubwezeredwa pambuyo ndiye kofala. Ku New York kuchedwa kulipira mabungwe kunafika poti mu 2022 meya Eric Adams ndi woyang'anira chuma cha mzinda Brad Lander anatulutsa lipoti la komiti yapadera yoona mmene angamalipirire mabungwe pa nthawi yake. Mzindawo uli ndi thumba lobwereketsa mabungwe ndalama zopanda chiwongoladzanja pamene akudikira malipiro awo. Tangoganizani, boma kukubwereka ndalama podikira kuti likupatse ndalama zako zomwe.

Pa nkhani ya lendi ndi magetsi mpamene ndikufuna ndikhalitse. Kwa zaka zambiri opereka thandizo ankanyadira kunena kuti ndalama zonse zikufika kwa anthu, ngati kuti bungwe limayenda ndi mphepo. Mabungwe nawonso anaphunzira kubisa zimene amawononga pa ofesi kuti aoneke abwino, mapeto ake n'kumagwira ntchito ndi makompyuta akutha, opanda wowerengera ndalama. Mu 2013 mabungwe atatu amene amaunika mabungwe achifundo, GuideStar, Charity Navigator ndi BBB Wise Giving Alliance, analemba kalata yapoyera youza anthu kuti asiye kuyeza ubwino wa bungwe pongoona kuchepa kwa ndalama zoyendetsera ofesi. Kumapeto kwa 2014 malamulo a boma lalikulu anayamba kulola bungwe limene lilibe mlingo wake wogwirizana ndi boma kuika 10 peresenti ya zoyendetsera bungwe pamwamba pa ndalama za ntchito, ndipo kuyambira pa 1 October 2024 mlingowo unakwera kufika 15 peresenti. Malamulo amenewa sakukhudza khonsolo yanu, koma mungawatchule pokambirana, kusonyeza kuti simukupempha zachilendo.

Tsono mfundo imene ingakuthandizeni msanga ndi iyi. Zambiri zimene mukuzitcha za pa ofesi si za pa ofesi. Mtsikana uja akamaimbira ongodzipereka kuwauza kwa agogo kumene apite lero, akamalemba amene ayenderedwa, akamakumbutsa za tsiku la kuchipatala, imeneyo ndi ntchito yeniyeni yofika kwa anthu. Kungoti amaigwira atakhala pampando. Vuto ndi dzina limene mwamupatsa. Mukamulemba kuti wa pa ofesi, amukana. Mukamulemba kuti wolinganiza maulendo oyendera okalamba, n'kumasunga pepala losonyeza maola amene wathera pa ntchito imeneyo tsiku lililonse, nkhani imasintha. Si bodza ayi, bola maolawo akhale oona. Maola amene amathera pa zina, monga kulemba makalata othokoza opereka, musawaike pamenepo. Chimodzimodzi foni: mayunitsi oimbira ongodzipereka ndi a ntchito. Lendi ndiye yovuta, mwina imeneyo muipirire.

Wakale Muno anayankha:

Ine ndinena zosakoma. Zisiyeni. Walira mvula walira matope, koma matope a khonsolo ndi ofika m'chiuno.

Zaka 7 mwayenda opanda iwo. Tsiku limene chithunzi chanu chidzatuluke mukulandira chikalata kwa akuluakulu a khonsolo, anthu amene amakupatsani pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi adzati bungwe lija lalemera, n'kutembenukira kwina. Ongodzipereka 19 aja adzayamba kufunsa za alawansi, ndipo sadzalakwa, chifukwa mukuwawonjezera ntchito kawiri. Chaka chikatha thumba lija likhoza kupita ku mabungwe a achinyamata kapena kutsekedwa kumene. Inu mudzatsala ndi agogo 120 okuyang'anani, opereka akale atabalalika. Mudzauza ndani kuti Lachiwiri likubwerali sitibweranso?

Komanso pakamwa mudzatseka. Lero mukaona kuti okalamba akuzunzika pa ofesi ina ya khonsolo mumatha kukalankhula. Mawa mudzayamba mwaganiza za cheke chimene chili pa tebulo la munthu yemweyo.

Za mkazi wa khansalazo musadere nkhawa kuti mwina sizidziwika. Zidziwika. Mabungwe amene sanasankhidwe akufufuza kale.

NaMoyo anayankha:

A Wakale Muno anena zoona zingapo, makamaka za chaka chachiwiri, koma ine sindikuona kuti yankho ndi kuthawa. Ndinagwira ntchito zaka 11 mbali inayo, mu ofesi ya khonsolo yoona za mathandizo ngati amenewa, ndiye ndiloleni ndikuuzeni mmene zimaonekera uli mkati.

Mgwirizano wa masamba 22 umenewo sanalembere inu. Ndi chikalata chimodzi chimene amangosintha dzina ndi ndalama, ndipo kawirikawiri chinakonzedwa poganizira makontilakitala ndi mabungwe akuluakulu okhala ndi ndalama zosungira. Zobwezera pambuyo zinabwera chifukwa khonsolo nayonso imawerengedwa ndi maodita, ndipo pafupifupi ofesi iliyonse ili ndi nkhani ya bungwe limene linalandira ndalama patsogolo n'kuzimiririka. Ofisala amene anavomereza ndiye amayankha mafunso. Choncho musapite kukakangana naye ngati mdani. Munthuyo ali ndi mantha ake, mumuthandize kupeza njira yoti iyenso akhale wotetezeka.

Chimene mabungwe ang'onoang'ono sadziwa n'chakuti khonsolo nayo ikufuna musaine. Ndalamazo zili kale mu bajeti ya chaka chino, ndipo zikapanda kugwira ntchito chaka cha zachuma chisanathe, ofesiyo imafunsidwa chifukwa chake, mwinanso kuchepetseredwa chaka chotsatira. Mphamvu zanu zili panopa, musanasaine. Mukasaina zatha.

Lembani kalata ya tsamba limodzi, yaulemu, yothokoza, yopempha kukumana ndiponso kuti akuwonjezereni masiku. Pemphani kuti akupatseni patsogolo gawo la miyezi itatu yoyamba. Akakana, pemphani kuti muzipereka malisiti mwezi uliwonse ndipo azibweza pasanathe masiku 30. Chachiwirichi chimavomerezedwa mosavuta chifukwa sichiphwanya lamulo lawo loti ndalama zituluke ntchito itachitika. Tengani masamu a bambo Mbewe aja mukawaonetse papepala. Maofisala ambiri sanakhalepo pansi n'kuwerengera mbali ya bungwe.

Za kusaina kwa agogo, chimene odita amafuna ndi umboni woti ulendo unachitika. Siginecha ndi njira imodzi chabe, ndipo ya munthu amene mutu sukugwiranso bwino si umboni n'komwe. Auzeni kuti muzisunga buku la maulendo: tsiku, nthawi, nambala ya agogo, zimene zachitika, siginecha ya wongodzipereka ndi ya wolinganiza. Kaundula wa maina azikhala kwa inu m'kabati yokhoma, ndiye kabati ija muikonze. Iwo akhale ndi ufulu wobwera nthawi iliyonse, kusankha manambala angapo n'kupita nanu kukaona anthuwo. Mayina ndi matenda a okalamba si zinthu zoyenda m'maofesi mu envulopu.

Nkhani ya mkazi wa khansala musaigoneke. Kukhala pa ubale si mlandu, mlandu ndi kusaina kuti ubale palibe pamene ulipo. Muulule mu kalata yomweyo, ndi chaka chimene mayiyo analowa m'komiti. Funso lalikulu lidzakhala lakuti kodi khansalayo anakhala nawo pa msonkhano umene unasankha mabungwe, ndipo ngati anakhalapo, ananena za ubalewo n'kutuluka? Zimenezo zimalembedwa m'maminitsi. Ngati anavota nawo osanena, konzekerani kuti thandizolo likhoza kuimitsidwa kuti aunikenso. Ndi bwino liime lero kusiyana ndi kudzauzidwa kubweza ndalama zimene munagwiritsa kale ntchito.

Ndili ndi funso limodzi, a NaBanda, ndipo musakhumudwe. Nambala ya 120 ija inachokera kuti? Pa zaka zanga zonse, manambala a mu mgwirizano tinkangokopera pa fomu ya bungwe lomwelo.

Mphwanu wa ku England anayankha:

Ndingowonjezera pa za chaka chachiwiri. Kuno makhonsolo angapo anafika polengeza kuti bajeti yawo siikukwanira, zimene amazitcha section 114: Northamptonshire mu 2018, Croydon mu 2020, Birmingham mu September 2023, Nottingham mu November chaka chomwecho. Zikatero khonsolo imaimitsa kugwiritsa ntchito ndalama pa zinthu zatsopano, n'kutsala ndi ntchito zimene lamulo limaikakamiza kuchita ndi migwirizano imene inasainidwa kale. Thandizo la mabungwe a m'madera nthawi zambiri silili m'gulu lokakamizidwalo, ndiye likatha chaka palibe amene angalonjeze kuti lipitirira. Ngati zikuchitika ku Birmingham, mzinda waukulu chonchija, zingachitike kulikonse.

Ndiye werengani ndime yonena za kuthetsa mgwirizano. Angauthetse atakuchenjezani masiku angati? Nanga zimene mwawononga kale kufika tsiku limenelo adzabweza? Ndipo agogo atsopano muwalandire okhawo amene mungapitirize kuwayendera thandizoli litatha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, opereka anu akale aja muwasunge, muwauze poyera kuti ndalama za khonsolo sizilipira lendi. Ena amasangalala kudziwa kuti chopereka chawo ndi chimene chikusunga chitseko chotsegula.

NaBanda anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo, ndipo zina ndinawerengera komiti mokweza Loweruka.

A NaMoyo, mwandigwira. Ndinapita kukatsegula fomu yathu ija. Nambala ya 120 tinalemba tokha, ine ndi mlembi, usiku wachitatu uja maso ali gwa. Ndikukumbuka tinati 64 ikuoneka yochepa, sangatipatse. Sabata yonseyi ndakhala ndikukwiyira khonsolo pa nambala yanga yomwe.

Kalata tinapereka Lolemba, Lachinayi anatiitana. Tinapita atatu, ine, mlembi ndi msungichuma atanyamula pepala la masamu a bambo Mbewe, atalikopera ndi dzanja lawo la uphunzitsi lija. Ofisala ndi mnyamata wamng'ono, waulemu. Analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anapempha kuti alipange fotokope.

Zopereka patsogolo anakana, akuti zimenezo n'zofuna msonkhano wa khonsolo yonse. Zobweza mwezi ndi mwezi pasanathe masiku 30 wati n'zotheka. Buku la maulendo walivomera, bola azibwera kudzaona kawiri pa chaka. Agogo tatsitsa kufika 90, ndipo ndalama zitsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, zimene ine sindikudandaula nazo. Mtsikana wathu amulipira masiku awiri mwa atatu aja, ngati wolinganiza maulendo. Lendi wakanitsitsa. Zonsezi ndi zapakamwa, ndamuuza kuti cholembera sindigwira mpaka zilowe mu mgwirizano, ndipo atiwonjezera masiku 14.

Chowawa chinali cha mayi aja, akazi a khansala. Ndinapita kunyumba kwawo ndekha ndisanapereke kalata, kuti asamvere kwina. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye zaka zonsezi ndasanduka chipsinjo?" Ndinasowa poyang'ana. Mawa lake anatumiza kalata yotula pansi udindo wa m'komiti, koma ati agogo awo anayi apitiriza kuwayendera, amenewo asawalande munthu. Ofisala wati aona m'maminitsi ngati amuna awo analipo tsiku losankha, yankho sitinalandire. Zikapezeka kuti anavota, zonse ndalembazi zikhoza kugwa.

A Wakale Muno, mawu anu sanapite pachabe. Mamembala awiri akugwirizana nanu mpaka pano, ndipo za alawansi wina wafunsa kale, tisanalandire n'kamodzi komwe.

Ngakhale ndi kubweza kwa mwezi ndi mwezi, msungichuma wawerengera kuti mpata ulipobe, pafupifupi miyezi iwiri ndi theka ya ndalama za thandizoli, ndipo zimene tili nazo sizikufika ngakhale theka lake. Tagwirizana kuti miyezi iwiri yoyamba tisalandire agogo atsopano, kuti ndalama zotuluka zikhale zochepa mpaka tione cheke choyamba ndi maso. Bambo wina amene amatithandiza kuyambira kale wati akhoza kubwereka bungwe popanda chiwongoladzanja, polemberana, m'dzina la bungwe osati langa. Bambo Mbewe, imeneyo mukuiona bwanji? Msungichuma sananenenso zochoka. Dzulo anabwera ndi mafailo awiri atsopano ndi guluu, malisiti onse achoka m'katoni ya nsapato.

Achimwene a Chisale, pepala la maola lija limaoneka bwanji? Mtsikana azilemba ola lililonse payekhapayekha, kapena kungolemba maola onse a tsikulo n'kufotokoza zimene wachita? Ngati muli ndi lopanda kanthu, ndijambulireni ndione mizere yake, ndikufuna ayambe kuyeserera Lolemba.